Kumene Mchere Umakatsalira

Mvula ikagwa pa phiri la Mulanje, madzi ake amagawana njira. Ena amatsikira mu Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo, n'kukalowa mu Shire ku Chiromo, kenako mu Zambezi mpaka ku nyanja yaikulu ya Indian Ocean. Ena amakhotera kumpoto kudzera mu mtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani, ndipo awa ulendo wawo ndi waufupi. Amakathera mu Chilwa, nyanja imene imalandira mitsinje yambiri koma siitulutsa ngakhale umodzi. Ine ndinalondola madzi achiwiriwa.

Minibasi ya ku Phalombe imadzadzira pa Chitakale. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo tinapanikizana anayianayi, matumba a nandolo ali kunsi kwa mipando. Ukangopitirira Likhubula, thanthwe la Chambe lili kudzanja lamanja, kubiriwira kwa minda ya tiyi kumatha mwadzidzidzi. Mbali ino ya phiri mvula ndi yochepa. Minda inali gwaa, mizere ataunga kale, mauvuni a njerwa akufuka m'mbali mwa msewu, ndipo m'galimotomo Chichewa chinayamba kusakanikirana ndi Chilomwe.

Boma la Phalombe linapatuka ku Mulanje mu 1998. Likulu lake lakhala m'tsinde mwa phiri la Michesi, pafupi ndi mpata wa Fort Lister kumene Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Ukakweza maso umaona mikwasa yoyera m'mapirimo, momwe munadutsa madzi ndi miyala. Anthu a kuno safuna kuuzidwa kuti madzi amanyamula phiri. Napolo wa mu Marichi 1991 anapha anthu mazanamazana pompano, ndipo namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anabwereza zomwezo m'midzi yambiri ya m'bomali. Komatu madzi amanyamulanso phiri mwakachetechete, chaka chilichonse, popanda maliro. Dontho lililonse lodutsa pathanthwe ndi m'dothi limasungunula kenakake: sodium pang'ono, chloride pang'ono, bicarbonate pang'ono. Ukamwa madzi a m'kasupe wa m'phiri sungamve kanthu palilime. Mcherewo ulimo ndithu, ndipo wonse ukulowera kumodzi.

Pa Migowi ndinatsika n'kufuna njinga yamoto yolowera kunyanja, kudzera cha ku Nambazo mpaka ku doko la Swang'oma. Mnyamata wa kabaza anandiyang'ana nsapato asanatchule mtengo.

"Kunyanja, madala? Mukagula nsomba kapena mukungokaona?"

"Kukaona basi, achimwene."

"Ndiye mukaona matope. Madzi athawa."

Kuchoka pa Migowi dziko limangoti see, lathyathyathya mpaka kumene maso amalekezera. Fumbi linali la imvi, lolowa m'mano. Tinadutsa madimba a mpunga ouma, dothi lakuda litang'ambika ming'alu yolowa phazi, ndipo m'malo ena pamwamba pa nthaka panali poyera mbuu ngati pawazidwa phulusa. Ludzu litatikola tinaima pa mjigo wina pamene amayi anandandalika zidebe. Mayi mmodzi anatsuka kapu n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Imwani, bambo, koma musadabwe. Athuwa ndi amchere. Tiyi sakoma."

Analidi ndi kamchere, ndi kakuwawa kotsalira kukhosi. Mijigo yotere ilipo yambiri m'chigwa cha Chilwa, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi ndi cha nyanjayo. Kalekale Chilwa inkalumikizana ndi Chiuta, madzi ake n'kumatuluka kudzera mu Lugenda ndi Rovuma kupita kunyanja yaikulu. Zaka zikwi zingapo zapitazo mchenga unaunjikana pakati pa nyanja ziwirizi n'kutseka njirayo. Kuyambira pamenepo madzi amachoka mu Chilwa ndi dzuwa lokha, ndipo dzuwa limatenga madzi n'kusiya mchere. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859 anaona kuti madzi ake ndi owawirako, osati ozuna ngati a m'mitsinje. Chilwa ndi thupi lopanda impso: chimene chalowa chalowa.

Mnyamata wa kabaza sananame. Pa doko, pamene mabwato amayenera kukocheza, panali matope ouma, ndipo asodzi anakumba kamfuleni kodutsa mu njedza kuti azikankhiramo mabwato mpaka kukapeza madzi. Chilwa ndi nyanja yosaya. Mbali yaikulu woyendetsa bwato amangoponda pansi ndi mponda wa nsungwi. Madzi akatsika pang'ono, gombe limathawa mtunda wautali. Chisumbu cha Chisi chinkaoneka patali m'chifunga cha kutentha. Pamathandala panali matemba akuuma, mafuta ake akununkhira, ndipo pansi pa chisakasa anyamata ankawamba milamba yopindidwa mchira kukamwa.

Ndinakhala pa bwato logadabuzidwa pamodzi ndi bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde. Anatola makumba amodzi m'beseni, nawatsegula kumutu ndi chala chachikulu kuti ndione zofiira zimene nsomba imapumira.

"Mukafuna kudziwa ngati ili yabwino, mumayang'ana apa. Zikachita mbuu, isiyeni."

Anandifotokozera za 1995, pamene nyanja inauma yonse anthu n'kumayenda wapansi ndi panjinga kupita ku Chisi. Inaumanso chimodzimodzi mu 1968, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka bwalo la ming'alu. Kuuma kwa 1968 kunapeza aphunzitsi a Yunivesite ya Malawi ali kale pantchito yoyeza madzi a nyanjayi, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 1979 m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake. Pa zaka zabwino lita imodzi ya madzi a mu Chilwa imakhala ndi mchere wosapitirira magalamu awiri. Nyanja ikamaphwa mcherewo umachuluka kangapo, madzi amasanduka a soda, mphepo imavundula matope, mpweya umachepa, nsomba n'kuyamba kuyandama. Zimene zimapulumuka ndi zothawira m'matawale ndi m'mathiriro a mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi. Nsomba za m'nyanja ya Malawi zilipo mitundu mazanamazana. Mu Chilwa zimene zimadyetsa anthu ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Ndi nsomba zopirira kwambiri, ndipo pa zaka zabwino zitatuzi zafikapo matani opitirira 20,000.

Zofiira zimene bamboyo anandionetsa si zopumira chabe. Mmenemo muli maselo apadera amene ntchito yawo ndi kusuntha mchere. Magazi a nsomba ngati makumba ali ndi mchere wochuluka kuposa madzi a mumtsinje, choncho ikakhala m'madzi ozuna mchere umaithawa, madzi n'kumailowa. Imayenera kutola mchere m'madzimo ndi kukodza kwambiri. Ikalowa m'madzi amchere woposa magazi ake, zinthu zimatembenuka: iyenera kumwa madzi, kukodza pang'ono ndi kutaya mchere. Maselo aja ndi amene amasintha ntchito, ndipo amawalamula ndi mahomoni, timadzi timene chiwalo china chimathira m'magazi kuti tikauze chiwalo china chochita. Homoni ya m'madzi ozuna ndi prolactin, yomweyo imene imabweretsa mkaka m'mawere a mayi woyamwitsa. Grace Pickford wa ku Yale anaonetsa mu 1959 kuti kansomba kena kakachotsedwa kachiwalo ka kunsi kwa ubongo kamene kamapanga prolactin kamafa m'madzi ozuna, koma kakabayidwa prolactin kamakhala moyo. Ya m'madzi amchere ndi cortisol, mothandizana ndi homoni yokulitsa thupi. Zambiri za izi akatswiri a kunja anaziphunzira pa makakana a ku Shire ndi Zambezi, amene m'mabuku amatchedwa Oreochromis mossambicus, m'bale wake weniweni wa makumba. Nsomba ya kwathu konkuno, yodziwika m'malabotale a ku Japan ndi ku Hawaii kuposa m'makalasi athu.

Pamene tinali kukambirana izi maganizo anga anali atatsikira kale kutsidya lina la phiri, kwa madzi aja a mu Ruo. Kumene akupitako amakakumana ndi mlendo wochokera kunyanja yaikulu. Pali mtundu wa shaki umene umakwera mtsinje wa Zambezi makilomita mazanamazana, moti ku South Africa amangoutcha Zambezi shark. Katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, amene anayendayenda ku Mozambique, anautcha zambezensis mu 1852, asanadziwe kuti ndi shaki yomweyo yopezeka m'nyanja zofunda za dziko lonse. Ndinamufunsa bambo uja ngati anamvapo za nsomba yotere. Anapukusa mutu.

"Ya mano ngati ng'ona? Ayi, bambo, ife kuno ndi mlamba basi."

Shaki inathana ndi vuto la mchere mwa njira yakeyake. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu ili ndi magalamu 35 a mchere; lita ya madzi a m'magazi a munthu ili ndi pafupifupi 9. Nyama ya magazi ngati athu ikakhala m'madzi otere imauma, chifukwa madzi amachoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli wambiri. Shaki imazemba zimenezi posunga yureya m'magazi. Inde, yureya yemweyo wobereketsa chimanga, amene alimi a ku Phalombe amafolera mzere. Ife timamutaya mumkodzo, shaki imamuumira. Homer Smith, katswiri wa impso wa ku America, ndiye anafotokoza bwino zimenezi m'zaka za m'ma 1930. Yureyayo amapangitsa kuti madzi asathawe m'thupi la shaki, mwinanso azilowa pang'ono. Koma mchere weniweni m'magazi ake ndi pafupifupi theka la wa m'nyanja, choncho umalowabe usana ndi usiku, kudzera mopumira ndi m'zakudya. Impso za shaki sizitha kupanga mkodzo wamchere woposa magazi ake. Nanga wotsalawo umatulukira pati?

Kumapeto kwa matumbo a shaki kuli kachiwalo kakang'ono kotalika masentimita ochepa, kamene kwa zaka zambiri odula nsomba m'masukulu ankakaona koma osadziwa ntchito yake. Amakatcha rectal gland. Mu 1960 Wendell Burger ndi Walter Hess, pa labotale ya ku Mount Desert Island m'chigawo cha Maine ku America, analowetsa kapaipi m'kachiwaloka pa shaki yaing'ono yotchedwa spiny dogfish n'kutola madzi otuluka. Anapeza madzi oyera, amchere wowirikiza pafupifupi kawiri wa m'magazi, yureya mulibe kwenikweni. Kachiwalo ka ntchito imodzi yokha: kutaya mchere. Ubwino wake kwa ofufuza ndi woti kali ndi mtsempha umodzi wolowetsa magazi, umodzi wotulutsa, ndi kanjira kamodzi kotayira. Ukakachotsa m'nsomba n'kumakapopera madzi oyenera, kamagwirabe ntchito patebulo kwa maola. Impso ya munthu ili ndi timachubu pafupifupi miliyoni, topindikapindika, tosaoneka ndi maso, kachigawo kalikonse ndi ntchito yake. N'chifukwa chake madokotala a impso monga Franklin Epstein ndi Patricio Silva ankachoka m'zipatala za ku Boston nyengo yotentha kukakhala m'mphepete mwa nyanja n'kumadula mashaki.

Zimene anapeza kuyambira mu 1977 zikhoza kunenedwa mwachidule. Selo lililonse la kachiwaloka lili ndi mbali yoyang'ana kumagazi ndi yoyang'ana kukanjira kotayira. Kumbali ya magazi kuli pampu imene imatulutsa sodium m'selo n'kulowetsa potassium. Jens Skou wa ku Denmark anaitulukira mu 1957 pa mitsempha ya nkhanu, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1997. Chifukwa cha pampuyi m'selo mumakhala sodium wochepa, ndiye wa kunja amakakamira kulowa. Polowa amadzera pa chonyamulira chimene chimatenga zinthu zinayi nthawi imodzi: sodium mmodzi, potassium mmodzi ndi chloride awiri. Chloride akadzaza m'selo amatulukira mbali inayo, pa khomo lotchedwa CFTR. Sodium amamulondola podzera m'mipata ya pakati pa maselo, madzi n'kulondola onse awiri. Chonyamuliracho, chotchedwa NKCC, jini yake inapezeka koyamba mu 1994 m'kachiwalo komweka ka shaki, mu labotale ya Biff Forbush ku Yale.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa nkhaniyi ndi amene amalamula kuti kachiwaloka kayambe ntchito. Munthu angaganize kuti pali penapake pamene pamalawa magazi n'kumva kuti mchere wachuluka. Wolamula wamkulu ndi mtima. Mchere ukalowa, madzi amautsatira, magazi amachuluka, makoma a mtima amakokeka, ndipo mtima umathira m'magazi homoni yotchedwa CNP. Iyi ikafika pa kachiwalo kaja imadzutsa maselo, komanso imapangitsa mitsempha ya pamenepo kutulutsa homoni ina, VIP, imene imachulukitsa kanthu kotchedwa cAMP m'kati mwa selo. cAMP ndi amene amatsegula khomo la CFTR. Magazi othamangira kumeneko amawonjezeka, mchere n'kumatuluka. Ntchito ikatha, somatostatin ndi adenosine amatseka. Shaki ikalowa mumtsinje, kachiwaloka kamasowa chochita. Mashaki a mtundu wa mu Zambezi amene anagwidwa m'nyanja ya Nicaragua, ya madzi ozuna, anapezeka ndi kachiwalo kofota poyerekeza ndi anzawo a m'nyanja yamchere, yureya wawo atatsika, impso zikutulutsa mkodzo wambiri wosungunuka.

Dzuwa linali litafika paliwombo. Mnyamata wa kabaza anagona pansi pa chisakasa, malaya ali ndi mizere yoyera ya thukuta louma kumsana. Kuyambira pa mjigo paja sanapite kuseri ngakhale kamodzi, ndipo si kuti ankadziletsa. Impso za munthu zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi patsiku, ndipo m'madzi amenewo muli mchere woposa kilogalamu imodzi. Zonsezo zikanati zizituluka, bwenzi tikufa lisanathe ola limodzi kapena awiri. Zoposa 99 mwa 100 zimabwezedwa m'magazi, mkodzo n'kutsala lita imodzi ndi theka. Pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a mcherewo limabwezedwa m'chigawo cha kachubu chotchedwa loop of Henle, ndipo wobweza wake ndi NKCC, m'bale wa uja wa shaki. Kusiyana kwake ndi malo okhala basi. Mwa shaki ali kumbali ya magazi, amachotsa mchere m'magazi kuti utayidwe. Mwa ife ali kumbali ya mkodzo, amalanditsa mchere kuti usatayike. Mankhwala a furosemide, amene ambiri amawadziwa kuti Lasix, opatsidwa kwa odwala mtima amene atupa miyendo, amatseka onse awiri: impso ya munthu imataya mchere, kachiwalo ka shaki patebulo kamaleka kudontha.

M'thupi la mnyamata wogona uja mahomoni anali pa ntchito yosiyana ndi ya shaki. Thukuta litachepetsa madzi m'mitsempha, impso zinatulutsa renin, amene Robert Tigerstedt ndi Per Bergman anamupeza mu 1898. Renin amadzutsa angiotensin, amene amafinya mitsempha ndi kuyambitsa ludzu, ndipo angiotensin amadzutsa aldosterone wochokera pa tiziwalo ta pamwamba pa impso. Aldosterone, amene Sylvia Simpson ndi James Tait ndi anzawo anamupatula mu 1953, amauza mathero a kachubu kuti atole sodium yense wotsala. Amachepetsanso ngakhale mchere wa m'thukuta mwa munthu wozolowera kutentha. Kuchokera kunsi kwa ubongo kumabwera vasopressin, wotsegula njira zobwezera madzi ndi kufulumizitsa NKCC, kudzera mwa cAMP yemwe uja. Mahomoni onsewa akunena chinthu chimodzi: sunga. Wonena kuti taya alipo, ndipo nayenso amachokera mumtima ngati mwa shaki. Adolfo de Bold anamupeza mu 1981 ku Kingston m'dziko la Canada, pobaya makoswe madzi ofinyidwa m'zipinda zam'mwamba za mtima, makoswewo n'kuyamba kukodza mchere wochuluka. Dzina lake ndi ANP, wa banja limodzi ndi CNP. Koma powerenga mphamvu, osunga achuluka kuposa otaya. Makolo athu ankakhala kutali ndi nyanja yamchere, mchere ankachita kutcheza m'dothi ndi m'phulusa la zomera, ndipo thupi limene anatisiyira ndi la munthu wosowa mchere.

Madzulo ndinakwera nawo bwato lopita kukatenga nsomba m'kati mwa njedza. Tinakankha m'kamfuleni kaja matope akununkha, kenako madzi anakwera kufika m'chiuno mwa wokankha, iye n'kudumphira m'bwato. M'katimo muli midzi yoyandama. Asodzi amapinda ndi kuunjika njedza mpaka patakhala pouma, n'kumangapo kachisakasa, amazitcha zimbowera. Munthu amatha kukhalamo miyezi osaponda kumtunda. Pa chimbowera chimene tinaima panali mbaula, poto wa nsima wosatsuka, foni ikutchajidwa pa kasola, ndi chigubu chodulidwa pakamwa chotungira madzi. Madzi akumwa, ophikira, osamba ndi a kuchimbudzi ndi amodzi omwewo, ozungulira chisakasacho.

Kolera amamudziwa bwino kuno. Anabuka mu Disembala 2015 m'madera ozungulira nyanjayi, ku Machinga, Zomba ndi Phalombe, ndipo ambiri mwa odwala anali asodzi. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi Médecins Sans Frontières anapereka katemera wakumwa, ndipo chifukwa anthu a m'zimbowera ndi ovuta kuwapeza kawiri, ambiri anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha nthawi ikakwana. Mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nawonso unayambira ku Machinga.

Kolera amapha podzera pa khomo lomwe lija la shaki. Maselo a m'matumbo athu ali ndi NKCC kumbali ya magazi ndi CFTR kumbali ya chakudya, mofanana ndendende ndi kachiwalo kaja, ndipo tsiku ndi tsiku amatulutsa timadzi tamchere tofewetsa chakudya, molamulidwa ndi mahomoni monga VIP. Poizoni wa kachilombo ka kolera amalowa m'selo n'kuchulukitsa cAMP mosalekeza, khomo n'kutseguka osatsekekanso. Chloride amatuluka, sodium pambuyo, madzi pambuyo pawo, mwina lita yathunthu pa ola. Aldosterone ndi vasopressin amakuwa kuti sunga, impso zimamvera mpaka mkodzo kuleka, koma kumene kukutayikira si kuimpso. Chopulumutsa ndi chonyamulira china cha m'matumbo chimene poizoniyo sachikhudza, chotenga sodium pamodzi ndi shuga. Robert Crane anachifotokoza mu 1960. Paketi ya Thanzi yosungunula mu lita imodzi ya madzi abwino yatsamira pamenepo. Shugayo sali mmenemo kuti madzi azikoma. Ndi amene amalowetsa mchere, mchere n'kukoka madzi kubwerera m'magazi. Mwini wa chimbowera chija anali ndi mapaketi awiri m'jumbo yopachika padenga, pamodzi ndi machesi ndi chiphaso chake.

Pobwerera ndinadya pa kalesitilanti kena pa Migowi, kufupi ndi msewu wopita ku chipatala chachikulu cha boma chimene chinapatsidwa dzina la John Chilembwe. Nsima, matemba a tomato, chigwada. Pakati pa tebulo panali kambale ka mchere, ndipo aliyense wokhala pansi ankayamba watsina n'kuwaza asanalawe n'komwe. Inenso dzanja linapita lokha. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu buledi, mu soya pisesi, m'tchipisi ndi m'nsomba zouma.

Chimene chimandidandaulitsa ndi mmene uthengawu umaperekedwera. Agogo amauzidwa kuti "musiye mchere" ngati lamulo la kumpingo, popanda chifukwa. Agogo omwewo anaonapo mdzukulu wawo akutsitsimuka ndi madzi a mchere ndi shuga, ndiye angakhulupirire bwanji kuti mchere ndi mdani? Chikhala anauzidwa kuti mchere kumene wapita madzi amautsatira, nkhani ziwirizi zikanagwirizana m'mutu mwawo. Mdzukulu anataya mchere, madzi anachoka m'mitsempha. Iwo impso zakalamba, zikuumira mchere, madzi achuluka m'mitsempha, mtima ukupopa movutika, ndipo ANP yekha sakukwanitsa. Kufotokoza zimenezi sikutenga mphindi ziwiri. Ngakhale mankhwala amene amalandira amanena nkhani yomweyi. Enalapril amadula njira ya angiotensin kuti aldosterone atsike. Kapilitsi kakang'ono ka hydrochlorothiazide, kamene ku zipatala zathu amangoti HCTZ, kamatseka chonyamulira china cha mchere kumapeto kwa kachubu ka impso, ndipo jini ya chimenechonso inapezeka koyamba mu nsomba, m'chikhodzodzo cha winter flounder, mu 1993, ndi Gerardo Gamba ndi Steven Hebert.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Zomba yodzera ku Jali. Pampando wakutsogolo panakhala gogo wina wa jekete ndi chipewa, kabuku ka kuchipatala kakusuzumira m'thumba. Tisanapite patali anatembenuka n'kugwira kondakitala pamkono.

"Mwanawe, auze adalaivala aime pang'ono."

"Agogo, tangonyamuka kumene. Simukanapita kusiteji konkuja?"

"Ndinapita. Ndamwa mankhwala a BP m'mawawu."

Galimoto yonse inaseka, koma mayi wa kumbuyo anaikira kumbuyo gogoyo, nati mankhwalawo amatero ndithu, n'chifukwa chake anamwino amati azimwa m'mawa osati pogona. Dalaivala anapatukira pambali akung'ung'udza za mafuta. Gogoyo anatsika mwaulemu wake wonse, ndipo abambo ena awiri amene ankaseka kwambiri anatsika nawo.